Mayi anga okalamba akwera bwanji sitima? Ndithandizeni nzeru

Abale anga, mayi anga amayenda ndi ndodo chifukwa cha nyamakazi ya m'mawondo, ndipo mwezi wamawa ali ndi ulendo wautali pa sitima ya pamtunda.

Chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi mpata uja umakhala pakati pa pulatifomu ndi khomo la sitima. Wachinyamata amangodumpha osaganizako n'komwe, koma iwo kuti anyamule mwendo mpaka agwire kaye chitsulo ndi manja onse awiri, ndodo ndiwagwirire ine, uku m'mbuyo anthu akukankhana ndi katundu. Kodi ogwira ntchito amakhala nalo thabwa lija amayala kuti munthu alowe mosavuta? Timapempha pogula tikiti kapena tsiku la ulendo lomwelo?

Nanga siteshoni ikakhala ya masitepe okhaokha, chikepe palibe kapena chinafa, mumawoloka nawo bwanji kupita tsidya lina la njanji? Njinga ya olumala amabwereketsa? Makutunso anayamba kuwavuta, zolengeza pa chimkuzamawu samazimva, ndiye sindingawasiye okha pa benchi n'kumakafunsa.

Inu amene munayendapo ndi makolo okalamba, chonde ndiuzeni: munkalawirira motani sitima isananyamuke, ndipo mutafika munkaonana ndi ndani?