Dera la North Shropshire: chinachitika n'chiyani kuti a Conservative alitaye?

Wakumpoto: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikuwerenga zotsatira za zisankho ku North Shropshire, dera la alimi kumalire a England ndi Wales. Mu 2019 Owen Paterson wa chipani cha Conservative anaposa womutsatira ndi mavoti 22,949, koma mu 2021 mpando unapita kwa a Liberal Democrats. Kodi anasintha malire pakatipo?

Chimvano: Ayi achimwene, malire a 2019 ndi a 2021 anali amodzimodzi: Oswestry, Market Drayton, Whitchurch, Wem, Ellesmere ndi midzi yozungulira. Paterson anatula pansi udindo mu November 2021 atapezeka kuti anaphwanya malamulo a aphungu polankhulira makampani amene ankamulipira. Pa chisankho chapadera cha pa 16 December, Helen Morgan wa Liberal Democrats anapeza mavoti 17,957, wa Conservative 12,032. Yang'anitsitsani a Labour: mu 2019 anali achiwiri, mu 2021 anatsikira pansi pa 10 peresenti. Ambiri mwa ovota awo anasamukira kwa Morgan, yemwe mu 2019 anali wachitatu, poona kuti ndiye angagwetse Conservative. Wotsogola ndi voti imodzi yokha amatenga mpando, monga zimakhalira ndi aphungu kwathu, ndiye kugawana mavoti n'kudzipweteka. Komanso amene anakavota sanafike theka la olembetsa, kutanthauza kuti a Conservative ambiri anangokhala kunyumba.

Mlondamalire: A Chimvano anena zoona, koma pa za malire pali msampha. Dzina la North Shropshire linalipo kuyambira 1832 mpaka 1885, linabwereranso mu 1983. Pakatipo mbali yaikulu inkatchedwa Oswestry, n'chifukwa chake John Biffen, yemwe anali phungu wa Conservative, amaoneka ngati anaimira madera awiri, 1961 mpaka 1997, pamene anthu ake ambiri anali omwewo. Tauni ya Newport inali m'derali mpaka 1997, kenako inapita ku dera loyandikana nalo la The Wrekin.

Kudula kwaposachedwa, kumene kunayamba kugwira ntchito mu 2024, kunatsata lamulo la 2020: dera lililonse, kupatula zilumba zingapo, likhale ndi ovota pakati pa 69,724 ndi 77,062, powerengera kaundula wa March 2020. North Shropshire inali itapyola chiwerengerochi, choncho mawodi a Hodnet ndi Cheswardine anawapereka ku The Wrekin. Bungwe lodula malire la Boundary Commission for England limasuntha mawodi athunthu ngati n'kotheka, ndipo apa m'pamene anthu akumidzi amadandaula, chifukwa mudzi umene umagula ndi kugulitsa pamsika wa Market Drayton umapezeka uli ndi phungu woyang'ana mbali ya tauni ya Telford.

Ndiye poyerekeza 2019 ndi 2024 musatenge manambala osaphika. Gwiritsani ntchito zotsatira zongoyerekeza zimene akatswiri a zisankho Rallings ndi Thrasher anawerengera pa malire atsopano.

Nachisale: Ndiwonjezereko pang'ono. Anthu amakonda kunena kuti derali linali la Conservative kwa zaka pafupifupi 200 osadukiza. Si zoona kwenikweni: mu 1904 wa Liberal, Allan Heywood Bright, anapambana chisankho chapadera ku Oswestry, n'kuutaya mpandowo mu 1906. Ena ankaganiza kuti Morgan zimuthera chimodzimodzi, koma mu 2024 anapambananso, ndipo kusiyana kwake kunakwera kufika pa mavoti oposa 15,000.