Canon 2000D kapena Nikon D3500: yojambulira zinkhoswe ku Salima ndi iti?

Wa_ku_Kamuzu_Road

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kamera yoyamba yoti ndizijambulira zinkhoswe, maukwati ndi alendo obwera kunyanja ku Senga Bay. Ndapeza ziwiri zogwirapo kale ntchito, Canon EOS 2000D ndi Nikon D3500, iliyonse ndi lenzi ya 18-55mm, ndipo mitengo sikusiyana kwenikweni. Nditenge iti? Nanga poti mafoni akujambula bwino masiku ano, kamera yotereyi ndi yoyenerabe ndalama zake? Ndiyang'ane chiyani ndisanalipire?

Mjambuli_Chipoka

Achimwene, pa maonekedwe a chithunzi ziwirizi n'zofanana. Zonse zinatuluka mu 2018, zonse zili ndi ma megapixel 24, chithunzi chake ndi 6000 x 4000, chokwana kutsukitsa pa A3 osaphwanyika. Pomwe foni imagonja ndi pa kukula kwa sensa, kachipangizo kotola kuwala mkati mwa kamera: ya Nikon ndi 23.5 x 15.6mm, ya Canon 22.3 x 14.9mm. Sensa yaikulu imatola kuwala kochuluka, n'chifukwa chake m'tchalitchi kapena mu holo madzulo nkhope zimatuluka bwino pamene foni yayamba kusokoneza khungu la munthu. Panja dzuwa likuswa mtengo kusiyanako n'kochepa.

Zimasiyana pa batire. La D3500, EN-EL14a, limajambula zithunzi pafupifupi 1,550 mukatchaja kamodzi, malinga ndi muyezo wa CIPA, bungwe la makampani opanga makamera. La 2000D, LP-E10, limathera cha pa 500. Ukwati woyamba m'mawa kutchalitchi mpaka perekaniperekani kutha, ndi Canon mufunika mabatire awiri kapena atatu, makamaka kumudzi komwe kulibe potchajira. Nikon imawombanso zithunzi 5 pa sekondi, Canon 3 zokha, ndipo zimenezi mumazimva akwati akamalowa movina.

Pa 2000D pali msampha umene ogulitsa ambiri satchula. Yang'anani pamwamba, pomwe pamalowa flash. Zambiri mwa 2000D zilibe kachitsulo kakakulu kozungulira kapakati, ndiye ma flash otsika mtengo amene amadalira kachitsuloko sayaka n'komwe. Kakapanda kuoneka, mufunika flash yopangidwira Canon yomwe mwaiyesa nokha pa kamerayo. Ubwino wa Canon ndi WiFi, mumatumiza zithunzi ku foni pompopompo. D3500 ili ndi Bluetooth yokha, imene imatumiza zithunzi zochepetsedwa, mochedwa. Koma card reader yolowa ku foni imathetsa vutoli. Zonse zikakhala zabwinobwino, ine ndinganene Nikon.

Mayi_wa_Studio

Ndikugwirizana nawo, koma bambo musaike mtima wonse pa kamera, siyani ndalama ya lenzi. Ija ya 18-55mm ikafika pa 55mm imatseguka mpaka f/5.6 basi (nambala ya f ikakula, kuwala kolowa kumachepa). Mu holo ya mababu awiri kamera imakakamizika kutsitsa liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, kufika 1/15 kapena 1/30 ya sekondi, ndipo aliyense wovina amatuluka mwachimbuuzi. Anthu ovina amafuna 1/250 kapena kuposa, oima chilili 1/125. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6, komanso imafewetsa kumbuyo kwa munthu, zomwe makasitomala amakonda.

Ku Nikon funani AF-S DX 35mm f/1.8G. D3500 ilibe mota ya focus m'thupi mwake, choncho malenzi akale olembedwa AF kapena AF-D mudzazungulitsa ndi dzanja. Gulani olembedwa AF-S kapena AF-P. Ku Canon yotchuka ndi EF 50mm f/1.8 STM, koma pa sensa imeneyi imaona ngati 80mm: ndi yabwino pa nkhope ya mkwatibwi, koma m'chipinda chochezera simungakwanitsemo ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Onaninso lenzi ya 18-55mm ya Canon yo. Ina imalembedwa IS II, ili ndi choletsa kugwedera, ina imalembedwa III, ilibe.

Kunyanja vuto ndi lina. Madzi ndi mchenga zimawala kwambiri, kamera n'kuchepetsa kuwala, nkhope ya munthu n'kuda bii. Ikani kamera pa A (Nikon) kapena Av (Canon), ISO 100, mukweze exposure compensation, yowonjezera kuwala kwa chithunzi, kufika +0.7 kapena +1, apo ayi yatsani flash ngakhale ndi masana kuti idzaze mthunzi wa pankhope. Kumbukirani kuti ndi flash makamera awiriwa sapitirira 1/200, ndiye mutseke lenzi kufika f/11 kapena kuposa, chithunzi chingayere mbuu. Diresi loyera ndi suti yakuda pamodzi jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yatola, mudzatha kukonza pa kompyuta.

Wa_ku_Kamuzu_Road

Zikomo kwambiri mayi, ndi inu achimwene. Nanga kanema? Ambiri akumafuna zithunzi ndi vidiyo yomwe.

Mjambuli_Chipoka

Apo zonse ziwiri n'zofooka. Zimajambula 1080p, koma zilibe polowetsa maikolofoni, sikirini yake siitembenuka, focus imasakasaka munthu akamayenda, ndipo kanema amaduka asanakwane mphindi 30. Mawu a abusa sangamveke bwino. Ngati vidiyo ndi theka la ntchito yanu, funani Canon 250D kapena 700D, pena Nikon D3300 ya 2014, zomwe zili ndi polowetsa maikolofoni.

Wokonza_Makamera_KK

Ndiyankhe funso lachitatu, chifukwa kamera yogwirapo kale ntchito imaonedwa thanzi lake, osati dzina. Pitani ndi memory card yanu, ndipo musalipire musanaone zithunzi pa laputopu.

Yambani ndi shutter count, nambala ya zithunzi zimene kamera yawombapo. Makamera oyambirawa shutter yake inapangidwira kuwomba pafupifupi ka 100,000. Nikon imalemba nambalayi mkati mwa chithunzi chilichonse, mumaiwerenga mu EXIF, uthenga wobisika m'fayilo ya chithunzi. Canon imafuna kuilumikiza ku kompyuta ndi pulogalamu yowerengera nambalayi. Yomwe yadutsa 70,000 mtengo utsike ndithu.

Kenako chotsani lenzi, muunike ndi tochi ya foni mopendeketsa kuchokera kumbuyo. Fumbi lochepa si vuto. Koma mukaona timizere toyera tofalikira kuchokera m'mphepete ngati ulusi wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi. Lenzi yotero isiyeni. Sensa muiyese chonchi: ikani f/16, ISO 100, jambulani khoma loyera kapena thambo. Madontho akuda ndi fumbi, limachoka ndi kampira kopopera mpweya. Mzere wowongoka umene ukubwera pamalo amodzi pa chithunzi chilichonse ndi sensa yokandika kapena yowonongeka. Yesaninso focus pa 18mm ndi pa 55mm, dinani batani lililonse, tsegulani kachitseko ka batire muone ngati zitsulo zabiriwira. Zikatero, kamerayo inalowapo madzi. Tchaja ikhale yakeyake.

Kusunga ndiye nkhani yaikulu kuno kunyanja. Makamera awiriwa alibe zotchinga madzi kapena fumbi. Nthawi ya dzinja chinyezi cha ku Salima ndi ku Nkhotakota chimameretsa chuku m'lenzi yotsekeredwa m'chikwama. Mukafika kunyumba itulutseni, muiike m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyezi. Silica gel akakhuta chinyezi sagwiranso ntchito, muzimuumitsa pa kutentha pang'ono. Mwera ukamawomba mu June ndi July musasinthire lenzi pamchenga, lowani m'galimoto kapena m'nyumba, kamera itayang'ana pansi. D3500 ndi 2000D sizigwedeza sensa kudzichotsa fumbi, ndiye kampira kaja kasasowe m'chikwama. Mu October musaisiye m'galimoto yotseka.

Nkhwazi_Chia

Mukadzafuna mbalame za ku Chia Lagoon, nyama za ku Kuti Wildlife Reserve kapena njovu za ku Nkhotakota Wildlife Reserve, 55mm sifika. Ku Canon tengani EF-S 55-250mm IS STM, osati 75-300mm III yomwe ilibe IS. Ku Nikon ndi AF-P DX 70-300mm, koma muonetsetse kuti yalembedwa VR, choletsa kugwedera cha Nikon, poti pali ina yofanana nayo yopanda VR. Shutter isatsike pansi pa 1/500, ndipo nkhwazi ikamauluka muike 1/1000 kapena kuposa. Memory card gulani ziwiri za 32GB za Class 10 m'malo mwa imodzi yaikulu, muzichita format m'kamera momwemo mukamaliza kukopera zithunzi.