Kuwonjezera pa funso la PRP ndi ntchito ku Blantyre

Pa funso lija loti munthu wochokera kunja amene ali ndi chilolezo chokhala m'Malawi mokhazikika (Permanent Residence Permit, PRP) amapikisana bwanji ndi nzika pofuna ntchito, tinayankha mwachidule kuti safunikira chilolezo choti mlendo agwire ntchito kwa kanthawi (Temporary Employment Permit, TEP). Ambiri mwapempha tsatanetsatane.

TEP amaipempha ndi olemba ntchito, imakhala ya zaka 2, ndipo kampani imayenera kusonyeza kuti inalengeza ntchitoyo koma Mmalawi woyenerera sanapezeke. Mukasintha kampani, zonse zimayambiranso. Wa PRP alibe mtolo umenewu, angathe kuchoka kukampani ya ku Makata n'kukayamba kwina ku Limbe.

Pamene zimavuta ndi pa tebulo la a HR, oyang'anira zolemba anthu ntchito pakampani. Ambiri akangoona pasipoti yakunja amati bweretsani TEP, kalata yanu yofunsira ntchito n'kuiika pambali. Choncho lembani m'ndime yoyamba yeniyeni kuti muli ndi PRP, muphatikizepo fotokope yake ndi ya chiphaso cha alendo cha ku National Registration Bureau (NRB). Lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa kusankha munthu chifukwa cha dziko lochokera, ndipo madandaulo amapita ku ofesi ya Labour, kenako ku Industrial Relations Court.

Upolisi ndi usilikali amalemba nzika zokha, ndipo zolengeza zambiri za ntchito za boma zimanena poyera kuti akufuna Amalawi. Pamenepo PRP siithandiza. Anamwino ndi madokotala, chonde yambani mwalembetsa ku Nurses and Midwives Council kapena Medical Council of Malawi, chifukwa popanda zimenezo palibe chipatala chingakulembeni.