Mwana wa m'banja la oimba: gitala kapena kiyibodi, nanga manoti?

NaPhiri wa ku Chilenje:

Moni nonse. Tili ndi mnyamata wa zaka 9. Atate ake ndi oliza gitala ya kalindula, ine ndimaimba alto mu kwaya, agogo ake anali oomba ng'oma. Nyimbo akaimva kawiri amaigwira, ndipo wayamba kutokosa gitala ya atate ake ngakhale ikumukulira. Timugulire gitala yake kapena kiyibodi? Manoti ndi ofunika, kapena khutu ndi lokwanira? Nanga aziyeserera nthawi yaitali bwanji?

Mphunzitsi wa gitala, Kabwata:

Amayi, poti gitala ndiyo yamukoka, musamuchotsepo. Koma ya atate akeyo aisiye. Wa zaka 9 amafunika ya saizi 3/4, makamaka ya nsambo za nayiloni. Gitala yaikulu imamukakamiza kukweza phewa ndi kupinda dzanja moipa, ndipo chizolowezi chimenecho kuchichotsa n'kovuta kuposa kuphunzitsa munthu amene sanaigwirepo.

Pogula, musayang'ane utoto. Yezani mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya 12 (fret ndi kachitsulo kopingasa pa khosi la gitala; werengani kuchokera kumutu): ya nayiloni ukhale mamilimita 3 mpaka 4, ya mawaya achitsulo usapitirire 2.5. Ukaposa pamenepo mwana amachita kufinya ndi mphamvu, zala zimatuluka matuza, ndiye mumati waulesi pomwe vuto ndi gitala. Lizani nsambo iliyonse yosadina, kenaka muidine pa fret ya 12: liwu likhale lomwelo koma lokwera. Likaphonya, gitalayo sidzachunika ngakhale mutapotokola motani. Musadzayerekeze kuika mawaya achitsulo pa gitala ya nayiloni. Amakoka kwambiri, bridge (pomangirira nsambo pa thupi la gitala) imamatuka, khosi limapindika. Isamakhalenso pa windo kapena m'galimoto m'nyengo yotentha ya October, guluu amafewa.

Kuyeserera: mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola awiri a Loweruka lokha. Zoyamba 3 azichuna yekha, E A D G B E, ndi tuner ya pa foni. Zotsatira 7 akhale akusintha makodi (ma chord, mawu angapo olizidwa pamodzi), Em kupita G, kenaka G, C, D, metronome (kachida kogunda mofanana kosungira liwiro) ili pa 60, kugunda kunayi pa kodi iliyonse. Akasintha kakhumi osaphonya, kwezani ndi 5. Zotsalazo alize nyimbo yomwe amaikonda. Zikhadabo za dzanja lodina ziwengedwe.

Wa kiyibodi, Matero:

Aphunzitsi anena zoona pa gitala, koma ine ndikusiyana nawo pang'ono. Mwana wa khutu lotere ali pa ngozi yake: amatsanzira msanga, aliyense n'kumamuombera m'manja, osazindikira kuti sakudziwa chimene akuchita. Pa kiyibodi zonse zili poyera, amaona ndi maso kuti kodi ya C ndi C, E, G, ndi chifukwa chake F ndi G zimayenda nayo. Pa gitala amangoloweza kaikidwe ka zala.

Ngati thumba lilola, ikhalepo ya makiyi 61 aakulu bwino, osati tating'ono ta zidole, ndipo ikhale ndi touch response, kuti akadina pang'ono izilira pang'ono. Sankhaninso yolola mabatire, poti magetsi akazima madzulo ndiye nthawi imene mwana ali pakhomo. Adaputala ikhale ya mphamvu yolembedwa kumbuyo kwa kiyibodiyo. Zambiri zimapsa chifukwa cha adaputala yongotola.

Mabatani awiri muwaletse chaka choyamba: transpose (lokweza kapena kutsitsa kiyi) ndi lija loimba lokha ng'oma ndi besi. Taonani m'matchalitchi mwathu muno, alipo anyamata aluso ndithu amene nyimbo iliyonse amailiza mu kiyi imodzi, kwaya ikakwera amangothamangira batani. Tsiku lomwe apatsidwa piyano yopanda batanilo amangoti kakasi. Mwanayu atenge nyimbo imodzi ya makodi atatu, ailize mu C sabata ino, mu G sabata yamawa, kenaka F, kenaka D. Dzanja lamanzere liyambe ndi liwu limodzi la besi, makodi athunthu abwere pambuyo.

Mayi wotsogolera kwaya, Kaunda Square:

Anzanga a NaPhiri, mphunzitsi wa manoti ali kale m'nyumbamo, ndinu nomwe. Sol-fa imene mumawerenga ku kwaya ndiyo mlatho. Muimbireni kachigawo kafupi, iye abwereze ndi doh, re, mi, kenaka akalembe m'kope. Akazolowera, tembenuzani: lembani mzere umene sanaumvepo, auimbe. Apa ndiye mudzaone ngati akuwerenga kapena akungokumbukira, chifukwa ana otere ndi akathyali, amayang'ana pepala koma akutsata pakamwa panu. Staff, manoti olembedwa pa mizere isanu, idzabwera pambuyo, ndipo wodziwa sol-fa savutika nayo.

Za ng'oma za agogo musazitaye. Nyimbo zathu zambiri zimayenda mu kagundidwe ka 6/8 kapena 12/8, pomwe mabuku oyambira amadzaza ka 4/4. Aziomba katatu ndi dzanja limodzi, kawiri ndi linalo, nthawi yofanana, pa tebulo pomwepo. Wogwira zimenezo kalindula samuvuta.

Pa liwu: aimbe soprano kapena alto mosakuwa. Pakati pa zaka 12 ndi 15 liwu lidzayamba kusweka. Asaleke kuimba, koma musamukakamize manoti okwera, ndipo musathamangire kumuika ku besi; azisuntha pang'onopang'ono momwe liwu likutsikira. Likasasa kupitirira masabata awiri, apite kuchipatala. Pa maprakatisi a bandi ya atate ake asakhale pafupi ndi sipika. Akatuluka makutu akulira, ndiye kuti phokoso linapyola, ndipo makutu akaonongeka motero sabwerera.

NaPhiri wa ku Chilenje:

Zikomo kwambiri nonse. Atate ake akuti amuphunzitsa okha, palibe chifukwa cholipira munthu wina. Mukuona bwanji?

Mphunzitsi wa gitala, Kabwata:

Aziliza naye limodzi, zimenezo palibe sukulu ingamupatse: kalowedwe ka nyimbo, kumvera besi, kudziwa poima. Koma phunziro lenileni, la mphindi 30 kamodzi pa sabata, likhale ndi munthu wapadera. Kholo limadumpha zinthu zimene kwa ilo zinasanduka zachibadwa, limapsanso mtima msanga, ndipo mwana amatengera ndi zolakwika zomwe. Muwauze mwaulemu abambowo kuti mwana akadzawaposa ulemu ndi wawo.

Mukafuna njira ya mayeso, muno mu Lusaka muli masukulu ngati Ngoma Dolce Music Academy. Mayeso a ABRSM, bungwe la ku Britain loyesa zoimba, amafika giredi 8, koma asanalembe giredi 6 ya chida ayenera kukhoza giredi 5 ya theory (zolemba za nyimbo) kapena yofanana nayo, choncho zolembazo zisatsalire. Akamaliza sekondale, Evelyn Hone College ili ndi maphunziro a zoimba. Akadzayamba kupeka zake, akalembetse ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo muno mu Zambia, m'dzina lake, ngakhale nyimboyo ijambulidwe ndi bandi ya atate ake. Pakali pano muzimujambula pa foni kumapeto kwa mwezi uliwonse, nyimbo yomweyomweyo, metronome ikumveka, kenaka amvere yekha ndi kuloza pamene wathamanga.