Kodi munthu anabadwiradi kuvutika?

Membala wobisa dzina:
Abale, ndithandizeni maganizo. Mayi anga ali ndi khansa yomwe yafika m'mafupa, ndipo madokotala anatiuza kuti kuchira kulibe, chatsala n'kuwasamalira. Usiku amabuula mpaka ine ndimatuluka panja kukalira. Ndikati tikapemphe mankhwala amphamvu a ululu, amalume amakana. Akuti munthu anabadwira kuvutika, ngakhale Yobu anavutika, tizingopirira. Akutinso mankhwala amphamvu a ululu otchedwa morphine amafulumizitsa imfa. Kodi kuvutika n'kosathawikadi? Kapena ndine wosakhulupirira?

Namwino wopuma pa ntchito:
Pepa mwana wanga. Amalume akowo akunena mwachikondi, koma pa za morphine alakwitsa. Akamaperekedwa pa mlingo woyenera, n'kumawonjezera pang'onopang'ono monga dokotala walembera, safupikitsa moyo. Zovuta zake ndi kudzimbidwa, nseru ndi tulo masiku oyamba, ndipo zonsezo zili ndi chochita. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yothetsera ululu wa khansa mu 1986: kuyamba ndi mankhwala ofatsa, kukwera mpaka amphamvu, ndiponso kumwa pa nthawi yake osadikira kuti ululu uyambe. Paja chisanafike chaka cha 1846, pomwe dokotala wa mano William Morton anaonetsa mankhwala ogonetsa a ether ku Boston ku America, anthu ankadulidwa mwendo ali maso. Nawonso ankauzidwa kuti ndi mmene moyo ulili.

Bambo wa ana awiri:
Koma amayi, ululu uli ndi ntchito yake. Odwala khate amataya zala chifukwa mitsempha yafa, amapsa kapena kuvulala osamva. Thupi losamva kuwawa ndi tsoka.

Namwino wopuma pa ntchito:
Zoona bambo, ululu ndi mthenga. Koma wa mayi awa uthenga unafika kalekale, matenda akudziwika. Pano ukungogogoda pakhomo lotsegula kale.

Mlongo wanu mwa Ambuye:
Popeza amalume atchula Yobu, awerenge buku lonse. Pa 14:1 akunenadi kuti munthu wobadwa mwa mkazi masiku ake ndi ochepa komanso odzaza ndi mavuto. Koma anzake atatu aja anachita bwino pomwe anakhala naye pansi masiku 7 osayankhula. Atangoyamba kufotokoza chifukwa chomwe akuvutikira, anaphonya, ndipo pa mutu 42 Mulungu anawadzudzula. Ine ndimaopa munthu wosamva kuwawa akamalalikira kupirira kwa amene akubuula.

Wongodutsa:
Zonsezi ndi mayesero basi, zidzatha.

Mphunzitsi wina:
Buddha, yemwe anayambitsa chipembedzo cha Chibuda, anaphunzitsa za mivi iwiri. Woyamba ndi wa ululu wa m'thupi, umalasa aliyense. Wachiwiri timadzilasa tokha ndi maganizo. Mchemwali, kudziimba mlandu koti ndinu wosakhulupirira ndi muvi wachiwiriwo.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Ndawafunsa mayi eni ake, chinthu chomwe tonse tinaiwala kuchita pokangana. Andigwira dzanja n'kunena kuti akungofuna kugona usiku umodzi wokha osamva kuwawa. Mawa ndipita kuchipatala, amalume ndawapempha tipite limodzi akadzifunsire okha kwa dokotala. Mantha oti mayi andisiya ndiye sanachoke.

Namwino wopuma pa ntchito:
Amenewo ndilibe nawo mankhwala, mwana wanga. Ukapita, ukanene nthawi yomwe ululu umakula ndi malo ake enieni, ukapemphenso mankhwala ofewetsa m'mimba. Utiuze mmene agonere.