Za whisky wochita mbuu uja

Mwezi watha ndinafunsa za botolo la Ardbeg wa zaka 10 limene ndinagula: ndikathira timadzi tozizira m'tambula, mowawo umachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Nkhawa yanga inali yoti mwina ndi wachinyengo. Ambiri munati ndiwerenge bwino zolembedwa pabotolopo. Zikomo kwambiri.

Palembedwa kuti non chill-filtered, kutanthauza kuti sanauziziritse n'kuusefa, mphamvu yake 46%. Makampani ambiri a ku Scotland amayamba auziziritsa mowawu n'kuusefa asanauthire m'mabotolo, kuti achotse timafuta tina timene timatsalamo pophika. Timafutato ndi timene timaundana mowa ukazizira kapena ukathiridwa madzi. A Ardbeg, a pachilumba cha Islay, sasefa mwanjira imeneyi, ndiye mbuuyo si vuto ayi.

Ineyo ndaukonda choncho. Umamveka wolemerera palilime, ndipo utsi wa peat (dothi la zomera zowolerana limene amawotcha poumitsa chimera) umatsalira kukhosi kwa kanthawi ndithu.

Inu amene munati ndigoneke botolo monga amachitira ndi vinyo, pepani, mowa waukali chonchi umawononga chotsekera cha cork. Langa laima chilili m'kabati, kutali ndi dzuwa. Tsopano ndikusaka whisky wina, Glenfiddich wa zaka 12, wa 40%, kuti ndiyerekeze.