Zija ndinafunsa za akuba odula loko pageti, apa mpomwe zafika

Anzanga, mwezi wathawu ndinafunsa kuti nditani poti akuba anadula loko wa pageti kawiri konse, komanso ana ena ankangoswa mababu a panja nkumalembalemba pa mpanda. Ambiri munati ndigule galu, ena munati kamera. Galuyo ndamusiya kaye, masana sindikhalapo ndiye angamangolira yekha.

Chomwe chathandiza kwambiri ndi loko. Wakale uja chitsulo chake chopindika chija chinali poyera, mpake ankangodula ngati nzimbe, pomwe watsopanoyu chitsulocho ndi chobisika moti chodulira chilibe pogwira. Pachitseko cha kuseri ndinapezanso kuti masikuluwu a mahinjesi anali afupiafupi, munthu kungomenya ndi phazi kamodzi chatseguka, ndiye ndaikamo aatali olowa mpaka mkati mwa felemu.

Getsi la sensa ndalipachika m'mwamba ndipo ndalitchinga ndi waya kuti mwala usaliswe. Limayaka likamva kutentha kwa thupi lomwe likuyenda, ndiye mphaka wa aneba ankaliyatsa usiku onse kkkk, ndachita kuliweramitsa pang'ono.

Pa kamera pokha ndinalakwitsa, ndinaiika patali kwambiri moti inkangojambula zipewa za anthu osati nkhope. Ndaitsitsa.

Zolemba pa mpanda ndimazifafaniza ndi penti tsiku lomwelo zikaoneka, pano sabata yachitatu osabweranso. Tatsegulanso gulu la aneba pa WhatsApp, ngakhale ena amangotumizamo mavidiyo oseketsa basi.